Noda, tauni imene inaleredwa ndi shoyu

Palibe sitima yochoka ku Tokyo imene imakafika ku Noda mwachindunji. Umakwera ya njira ya Joban pa siteshoni ya Ueno, n'kutsika pa Kashiwa, kenako n'kusintha kukwera ya kampani ya Tobu yolowera chakumpoto. Ulendo wonse umangopitirira ola limodzi pang'ono. Nyumba zitalizitali zimanka zichepa, m'malo mwake pamabwera tinyumba ta mabanja toyalana bwino, apa ndi apo kamunda ka ndiwo, mpaka sitima ikuima pa siteshoni ya Nodashi. Chitseko chikangotseguka, chimayamba kukulonjera ndi fungo. Lili ngati la chimera chimene chikuuma pamphasa, koma lolemererapo ndiponso lamchere. Ukaponya maso kutsidya kwa njanji ukuona nkhokwe zazitali zachitsulo zitandandalika, ndipo sufunikanso kufunsa munthu kuti kuno amadya chiyani.

Amene anandikoka kupita kumeneko ndi mnzanga wa kwathu konkuno amene akuchita maphunziro m'dzikolo. Iye ndiye anali pakamwa panga ulendo wonse, poti ine Chijapani changa chimathera pa moni ndi zikomo. Anandiuza kuti ngati ndikufuna kuona mmene chinthu chimodzi chokha chingamangire tauni yathunthu, ndisataye nthawi ndi malo odzaza alendo, tipite ku Noda.

Noda ndi mzinda wa m'chigawo cha Chiba, wa anthu pafupifupi 150,000, wokhala pakati pa mitsinje iwiri: Tone kum'mawa, Edo kumadzulo. Dzina lake silidziwika kwenikweni kunja kwa Japan, koma chimene chimapangidwa kumeneko ambiri tinachionapo m'masitolo akuluakulu kapena m'malesitilanti a zakudya za ku Asia. Ndi shoyu, madzi akuda amchere aja opangidwa ku soya ndi tirigu, amene Mjapani amathira pafupifupi m'chakudya chilichonse. Kampani ya Kikkoman inabadwira kuno, ndipo likulu lake likadali konkuno.

Tinayambira ku fakitale, imene ili pafupi kwambiri ndi siteshoni, mtunda wongoyenda pansi. Amalola alendo kulowa ukalembetseratu. Mayi amene ankatitsogolera anayamba ndi kutionetsa zinthu zitatu m'timbale: soya, tirigu ndi mchere. Soya amamuphika ndi nthunzi, tirigu amamukazinga n'kumuphwanya, kenako amaziphatikiza n'kuwazamo mbewu ya chuku chapadera chotchedwa koji. Kwa masiku atatu chukucho chimamera m'chipinda chofunda mpaka zonse zitasanduka zobiriwira motuwira. Zikatero amathiramo madzi amchere, n'kukhala phala lolimba lotchedwa moromi, limene amalisiya m'nkhokwe kwa miyezi kuti liwire ndi kukhwima lokha. Anatipatsa kuti tinunkhize la masiku ochepa ndi la miyezi ingapo. Loyambalo n'lotumbuluka, fungo lake laliwisi. Lachiwirilo n'lofiirira kwambiri, ndipo ukangolinunkhiza malovu amadzaza m'kamwa.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pofinyira. Phala lija amaliyala pansalu yaitali kwabasi, makina n'kumaipinda, chipinde pamwamba pa chinzake, mpaka mulu wa nsalu utatalika ngati nyumba yosanja. Poyamba saupanikiza ayi. Amausiya kuti udzifinye wokha ndi kulemera kwake, madzi akuda n'kumatsetsereka m'mbali mwakachetechete, ndipo pambuyo pake ndi pamene makina amatsika pang'onopang'ono. Akathamangira, shoyu amatuluka wamatope. Zotsalira pansalu zimauma gwa, ndipo amazigulitsa ngati chakudya cha ng'ombe. Palibe chotayidwa.

M'kati mwa mpanda womwewo muli kanyumba kopakidwa utoto wofiira m'kati mwake kotchedwa Goyogura, kamene kanamangidwa mu 1939 kuti kazipangira shoyu wa kunyumba ya mfumu yaikulu ya Japan. Kale kanali m'mbali mwa mtsinje wa Edo, koma anakasamutsira kuno mu 2011. Mmenemo akufulirabe m'migolo ikuluikulu ya matabwa a mkungudza, pogwiritsa ntchito soya, tirigu ndi mchere za m'dziko momwemo, ndipo amadikira chaka chathunthu. Potuluka tinalawa ayisikilimu wothira shoyu. Ndinkayembekezera chinthu chachilendo, koma anali wokoma ndithu, kamchere kake kongokwanira.

Funso limene ndinabwera nalo linali lakuti, chifukwa chiyani kuno? Soya salimidwa ku Noda kokha, ndipo nyanja yotapako mchere ili kutali. Yankho tinakalipeza pamlambo wa mtsinje wa Edo, titakwera chimtumbira chotchinga madzi osefukira. Lero palibe choti n'kuchititsa chidwi: udzu, anthu opalasa njinga, madzi oyenda mofatsa. Koma m'zaka za m'ma 1600 boma la shogun, mtsogoleri wa asilikali amene ankalamulira Japan nthawi imeneyo, linakumba ndi kuwongola mitsinje ya m'chigwachi, ndipo mtsinje wa Edo unasanduka msewu wolunjika ku mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo. Mzindawo unakula mpaka kufika anthu pafupifupi 1 miliyoni, onse ofuna chothirira soba, nsomba zowotcha ndi tempura. Ngalawa zafulati zamathanga zotchedwa takasebune zinkanyamula migolo ya shoyu pa doko la Noda n'kukafika mumzinda m'tsiku limodzi. Mitsinje yomweyo ndiyo inkabweretsa zipangizo: soya wochokera ku Hitachi, tirigu wa m'zigwa zoyandikana, mchere wa ku Gyotoku kumunsi kwa mtsinje. Noda anangopezeka pamphambano pamene zonse zitatu zinkakumana, msika uli pakhomo.

Mbiri ya kumeneko imati banja la Takanashi linayamba kufulula shoyu mu 1661, ndipo chaka chotsatira banja la Mogi linayamba ndi miso, phala lina la soya, lisanalowe nalonso mu shoyu. Nthawi imeneyo anthu a ku Edo ankakhulupirira kuti shoyu wabwino ndi wochokera kumadzulo, cha ku Osaka, wobwera panyanja. Zinthu zinatembenuka pang'onopang'ono. Pofika 1821, pa migolo 1.25 miliyoni imene inalowa mu Edo, 20,000 yokha ndiyo inachokera kumadzulo. Yotsalayo inali ya opanga a m'dera lomwelo, ndipo patsogolo pawo panali Noda ndi Choshi. Mu 1864 boma litalamula kuti mitengo ya zinthu itsike, linapatula mitundu isanu ndi iwiri ya shoyu n'kuilola kusatsitsa chifukwa cha ubwino wake. Itatu mwa imeneyo inali ya ku Noda, ndipo umodzi unali Kikkoman.

Chimene chinandigwira mtima m'mbiri imeneyi si mtsinje, poti mtsinje ndi mwayi wongoupeza. Ndi mmene mabanjawa ankachitira zinthu limodzi ngakhale ankalimbirana msika umodzi. Mu 1781 anali atapanga kale bungwe lawo. Mu 1887 anakhazikitsa lina lolimba kwambiri, logulira zipangizo pamodzi ndi kugwirizana za mitengo. Mu 1917 mabanja asanu ndi atatu, asanu ndi limodzi a Mogi, la Takanashi, ndi la Horikiri la ku Nagareyama, anaphatikiza mafakitale awo n'kupanga kampani imodzi, Noda Shoyu, imene lero ndi Kikkoman. Banja lililonse linali ndi zizindikiro zake zimene makolo anazinyadira kwa mibadwo, koma m'kupita kwa nthawi anavomera kuzisiya, ndipo mu 1940 anatsala ndi chimodzi, cha ngodya zisanu ndi imodzi chija chimene chili pabotolo lero. Aliyense amene anakhalapo pa zokambirana za chuma cha pamtundu akudziwa kuti kugonjerana kotere sikubwera mophweka.

Ndalama zinayamba kuoneka m'tauni. Tinayenda mumsewu waukulu wakale, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse yooneka bwino inali ndi shoyu kumbuyo kwake. Pali nyumba ya banki imene opanga shoyu anayambitsa mu 1900. Chipatala chimene bungwe lawo linatsegula mu 1914 chikugwirabe ntchito, tsopano m'dzina la Kikkoman. Madzi a m'mipope anayamba ndi kampani, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inkamwetsa tauni boma la mzinda lisanatenge udindowo. Ngakhale njanji imene tinabwera nayo ndi yawo: mu 1900 anayala kanjanji kakang'ono kochoka m'mafakitale kukafika padoko, pamene amuna ankakankha ngolo za migolo ndi manja, ndipo mu 1911 njanji ya sitima yofika ku Kashiwa inatsegulidwa ndi ndalama zimene opanga shoyu anakongoza boma la chigawo. Sitima itabwera, ngalawa zinayamba kutha ntchito. Amene anakweza mtsinje ndi omwe anausiya.

Nyumba ya banja la Mogi Saheiji, yomangidwa cha m'ma 1924, anaipereka ku mzinda, ndipo lero ndi holo ya anthu onse; umavula nsapato pakhomo n'kumayenda pamikeka ya tatami, kuyang'ana munda wa maluwa kudzera m'magalasi akale. Pambali pake pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mzinda, yotsegulidwa mu 1959. Mmenemo ndi mmene ndinaona zida za amisiri a migolo: mipeni yopindika yopalira matabwa, nsungwi zolukidwa zomangira mgolo, zitsulo zodindira chizindikiro. Mgolo wa shoyu sunkafuna msomali kapena guluu. Matabwa ankangopalidwa molondola mwakuti nsungwi ikawamanga, dontho silituluka. Amisiri oterewa analipo ambirimbiri ku Noda, pamodzi ndi oyendetsa ngalawa, onyamula katundu ndi odula nsungwi. Mabotolo ndi zitini zitabwera, luso lonselo linazilala m'mbadwo umodzi.

Pamenepo tinakumana ndi agogo ena aamuna amene anakhala pabenchi m'mundamo. Ataona mnzanga akulankhula Chijapani anamuyamikira, ndipo nkhani inayambika. Anati kuno kale ukafunsa mwana kuti bambo ako amagwira kuti, ankangoyankha nambala ya fakitale, osatchula kampani, chifukwa kampani inali imodzi yokha. Ndinapempha mnzanga kuti awafunse ngati anthu ankaikonda. Agogowo anaseka pang'ono, n'kunena kuti munthu amene amakupatsa madzi, mankhwala ndi ntchito umamulemekeza, koma sumutsutsa mokweza. Kenako anatifunsa ngati tinamvapo za sitiraka.

Nkhani yake ndi iyi. Kalekale antchito a m'mafakitale a shoyu ankalembedwa kudzera mwa akapitawo, pa pangano la chaka chimodzi, n'kumagona m'nyumba za abwana. Ankapatsidwa gawo la ntchito la tsikulo, akamaliza n'kuweruka. Kampani yatsopano ija inafuna makina, maola okhazikika ndi malamulo a fakitale yamakono. Antchito nawo anali atalowa m'bungwe la apantchito la dziko lonse la Sodomei, ndipo mikangano inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Pa 16 September 1927 ananyanyala ntchito. Sitirakayo inatha masiku 218, mpaka pa 20 April 1928, ndipo imawerengedwa kuti ndi imodzi mwa zazitali kwambiri ku Japan nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanachitike. Kampani inapitiriza kupanga shoyu m'fakitale yake yatsopano ya nambala 17 ndi antchito ena. Onyanyalawo analetsa ana awo kupita kusukulu. Mmodzi mwa atsogoleri awo anafika poyesa kukapereka dandaulo kwa mfumu yaikulu mwachindunji ku Tokyo, chinthu chimene nthawi imeneyo chinali mlandu woopsa. Pomaliza anthu oposa 1,000 anachotsedwa ntchito, ochepa okha ndiwo anabwezedwa, ndipo bungwe lawo ku Noda linatha.

Taganizirani kuchotsedwa ntchito m'tauni imene bwana wake ndi mmodzi. Chipatala ndi chake, banki ndi yake, wogulitsa mpunga pangongole amadalira malipiro a kwa iye. Mwezi wa January kumeneko kumazizira koopsa, ndipo anthuwa anapirira chisanu chonse opanda malipiro. Ine sindikhulupirira kuti munthu wa ana angachite zimenezi chifukwa chongonyengedwa ndi andale. Panali chinachake chimene chinkawawa.

Eni kampani nawo sanatuluke m'nkhondoyi mmene analowera. Itangotha, anakhazikitsa bungwe lothandiza anthu lotchedwa Kofukai, ndipo mu 1929 anamanga holo yaikulu ya Kofu Kaikan imene ikuimabe mumsewu waukulu, ya mawindo obulungira pamwamba. Anayamba kulankhula za kampani ngati banja limodzi ndi kusamala kwambiri za umoyo wa antchito. Ena anganene kuti uku kunali kupukuta magazi pambuyo pa ndewu, ena kuti anaphunziradi. Ndinaima patsogolo pa holoyo ndikuganiza kuti zonse ziwiri n'zoona, ndipo kuti amene anailipirira kwenikweni ndi aja sanabwererenso pantchito.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, nkhani ya Noda inayamba kuchitikira kutali ndi Noda. Mu 1957 kampani inatsegula ofesi yogulitsa ku San Francisco, n'kumaphunzitsa Amereka kuti shoyu amayenda bwino ndi nyama yowotcha. Mu 1961 inatulutsa kabotolo kapatebulo ka chivindikiro chofiira, kopangidwa ndi Kenji Ekuan, kamene sikadontha ukathira. Mu 1973 fakitale ya ku Walworth, m'chigawo cha Wisconsin, inayamba kutumiza katundu. Chaka chomwecho ndi pamene shoyu anagulidwa kwambiri m'mbiri ya Japan, malita pafupifupi 1.29 biliyoni, kuyambira pamenepo wakhala akutsika, ndipo lero ali cha pa theka. Anthu akudya buledi, akugula zophikaphika, ndiponso akukalamba. Opanga shoyu m'dzikolo analipo pafupifupi 6,000 m'ma 1950, lero angotsala 1,000 ndi kakusefukira. Gawo lalikulu la phindu la Kikkoman tsopano limachokera kunja.

Zimenezi zimaoneka ndi maso. Fakitale imene tinayendera ndi yaikulu, koma anthu tinawaonamo ndi owerengeka; makina ndiwo akugwira. Mumsewu waukulu wakale masitolo angapo ndi otseka, zitseko zachitsulo zitachita dzimbiri m'munsi. Moyo unasamukira kumsewu waukulu wa nambala 16, kumene kuli masitolo a magalimoto ambiri ndi nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, malole akulowa ndi kutuluka. M'mawa anthu ambiri amakwera sitima kukagwira ntchito ku Kashiwa, ku Saitama ndi ku Tokyo, n'kubwera usiku kudzagona. N'chifukwa chake mzindawu wakhala ukupempha kwa zaka zambiri kuti njanji ya pansi panthaka ya ku Tokyo italikitsidwe ifike kuno. Tauni imene inadzimangira yokha njanji mu 1911 lero ikudikira kuti ena aimangire.

Sikuti zonse zinamezedwa ndi kampani imodzi. Pali Kinoene, opanga shoyu amene anayamba mu 1830 ndipo sanalowe nawo m'mgwirizano wa 1917. Akadalipo, kuseri kwa mpanda wakuda wamatabwa, pafupi ndi siteshoni ya Atago. Ndinasangalala kuwaona. Kumpoto, ku Sekiyado, kumene kunaphatikizidwa ndi Noda mu 2003, kuli minda ya mpunga ndi makola a ng'ombe zamkaka. Kum'mwera kuli ngalande ya Tone, yokumbidwa mu 1890 motsogozedwa ndi injiniya wa ku Netherlands dzina lake Mulder. Ngalawa zinaleka kudutsamo kalekale, ndipo chapafupi pake mzinda ukuweta madokowe n'kumawamasula kuyambira 2015. Alimi ena a mpunga a kumeneko amapopera viniga wakuda pofuna kuchepetsa mankhwala.

Madzulo tinadya edamame, soya wamuwisi wophikidwa m'makoko ake ndi mchere. Noda amatchuka nayenso; mu 2002 anaposa mizinda yonse ya Japan pa kuchuluka kwa amene anagulitsa. Apa ndi pamene mtima unathawira kumudzi. Ife soya timalima, ku Kasungu, ku Mchinji, ku Lilongwe, ndipo ambiri timamugulitsa ali mbewu, pasikelo ya venda, mwezi umene mtengo uli pansi. Japan amaitanitsa soya wambiri kuchokera kunja, ku America, ku Brazil ndi ku Canada, komabe ndiye amene dzina lake lili pabotolo. Sindikunena kuti tiyambe kufulula shoyu. Lilime lathu ndi lina, ndipo Noda anali ndi mzinda wa anthu 1 miliyoni kumunsi kwa mtsinje. Chimene ndinasirira n'chakuti anthuwa sanalekere pa kulima kapena kunyamula. Anaika miyezi isanu ndi umodzi ya kudikira pakati pa mbewu ndi msika, ndipo m'miyezi imeneyo ndi mmene munatuluka chipatala ndi njanji.

Tili m'sitima yobwerera, mnzanga anandiuza chinthu chimene sindinachione pachikwangwani chilichonse tsiku lonselo. Mu 2009 khonsolo ya Noda inakhala yoyamba m'dziko lonse la Japan kukhazikitsa lamulo lakuti kampani iliyonse yopatsidwa kontirakiti yaikulu ndi mzinda, kaya yomanga kaya yosesa m'nyumba za boma, izilipira antchito ake osachepera malipiro amene mzindawo waika. Cholinga chinali kuletsa mchitidwe wopambana tenda potsitsa mtengo kenako n'kukafinya wantchito. Boma lalikulu linali lisanachitepo kanthu, ndipo meya wa nthawiyo, Nemoto Takashi, anasankha kuyamba yekha. Sindinganene kuti lamuloli linabadwa ku sitiraka ya 1927. Pakati pake padutsa zaka zoposa 80 ndi nkhondo. Koma zinandikhudza kuti zinachitikira m'tauni imeneyi osati ina. Chaka chotsatira mzinda wa Kawasaki unatengera, ndipo pambuyo pake inatsatira mizinda ina yambiri.